Mdala wa mu Ofesi ya Ziphaso

Kuseri kwa mapiri a Musandifunse kuli ufumu wotchedwa Tidzaona. Likulu lake ndi mzinda wa Mawamawa. Pa nthawi ya nkhani ino, pampando panali Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, amene anali atalamulira zaka makumi anayi osalakwitsapo kanthu ngakhale kamodzi, malinga ndi zimene nyumba yachifumu inkalengeza.

Ku Tidzaona munthu sankachita kanthu popanda chiphaso. Kugulitsa tomato, chiphaso. Kumanga ukwati, chiphaso. Kuweta abakha, kuimba ng'oma, kumeta anthu pansi pa mtengo, zonsezo chiphaso. Ndipo ziphaso zonse za mu ufumuwo zinkatuluka m'kompyuta imodzi ya mu Ofesi ya Ziphaso, momwe munali pulogalamu yakalekale yotchedwa Kaundula Wachinayi. Dzina limenelo anthu analiiwala. Ankangoti Mdala.

Wosamalira Mdala anali Esinala Chimtengo, mayi wamfupi, woyenda mwachangu, amene anakhala mu ofesimo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Esinala ankamudziwa bwino Mdala kuposa mmene ankawadziwira amuna ake. Ankadziwa kuti m'mawa ukamuyatsa uyenera kumusiya kaye adziwongole, iwe ukumwa tiyi. Ankadziwa kuti Lolemba Mdala sakonda kufunsidwa mafunso awiri nthawi imodzi. Mdala akakomoka, Esinala ankaimba foni ku kampani ya kutsidya kwa nyanja imene inamupanga, ndipo kumeneko ankatumiza kachigamba kokonzera pamene pawonongeka. Zigambazo zinachuluka mpaka Mdala anasanduka ngati kabudula wa m'busa, woti nsalu yake yoyamba palibenso amene akuikumbukira.

Tsiku lina mu Januwale kunafika kalata. Kampani ija inalemba mwaulemu kuti pa 30 Juni idzasiya kuthandiza Kaundula Wachinayi: sikudzakhalanso zigamba, sikudzakhalanso woyankha foni. Inakumbutsanso kuti iyi inali kalata yachitatu, komanso kuti pulogalamu yatsopano, pamodzi ndi kompyuta yake, inatumizidwa kale chaka chatha m'bokosi.

Esinala anaiwerenga kawiri. Anakhala pansi, nalemba dongosolo la masamba awiri: miyezi isanu yosamutsa mayina, kuyesa chatsopano chakale chikugwirabe ntchito, kenako kumupumitsa Mdala mwaulemu. Atatero anapita nalo kwa a Vomerezani, Nduna Yoona za Makina ndi Mphepo.

Anawapeza a Nduna atavula nsapato, mapazi atawasanjika pa bokosi lalikulu lomata bwinobwino.

"A Nduna, pepani, kodi bokosi mwapondalo si la ku ofesi kwathu?"

"Ndi lomwelo, mayi, ndipo likugwira kale ntchito. Msana wanga unasiya kupweteka."

"Liyenera kutsegulidwa, bwana. Kwatsala miyezi isanu yokha."

A Vomerezani anamuyang'ana mwachisoni, monga mmene munthu amayang'anira mlendo amene wasochera. "Bokosi la boma silitsegulidwa popanda mwambo. Mwambo sukonzedwa popanda komiti. Komiti sikhala popanda kudziwa mtundu wa riboni imene Mfumu idzadule. Nkhani ya riboniyo tili nayo mkati, ndipo ikuyenda bwino kwambiri."

Febuluwale anadutsa, Malichi anadutsa. Esinala ankabwera Lachiwiri lililonse, ndipo Lachiwiri lililonse ankauzidwa kuti komiti yagawanika pakati pa riboni yofiira ndi yobiriwira. Zinafika pakati pa Juni, mphepo yozizira itayamba kale, pamene nkhaniyo inakafika ku bwalo la Mfumu, ndipo Esinala anaitanidwa kuti akafotokoze.

Bwalo linadzaza ndi nduna makumi atatu ndi ziwiri, iliyonse ndi womunyamulira chipewa. Esinala anagwada, nawomba m'manja, nafotokoza zonse mwachidule.

"Ndikufunsa," inatero Mfumu, "kampani imeneyi inapempha chilolezo kwa ine kuti isiye kuthandiza?"

"Ayi, Mfumu."

"Nanga akumusiyiranji Mdala? Waba chiyani?"

"Sanabe kanthu, Mfumu. Kungoti wakalamba. Chinthu chikakhalitsa pamalo chimayamba kuiwala, chimachedwa, ndiye pamafunika china choti..."

Bwalo lonse linapuma mpweya umodzi. Nduna ina inagwetsa ndodo. Ku Tidzaona mawu oti kukalamba sankatchulidwa pafupi ndi Mfumu, imene tsitsi lake linali lakuda bii ngati makala chifukwa cha khama la ometa atatu.

Nduna ya Zachitetezo inadzambatuka kuti iphimbe mawuwo. Inati kalatayo imangidwe, iponyedwe m'ndende. Nduna ya Zaulemu inati Mdala apatsidwe mendulo ya golide kuti kampaniyo ichite manyazi. Nduna ya Zaumoyo inati am'fukize. Pomwepo a Vomerezani anaimirira pang'onopang'ono, nkhope ikuwala ngati ya munthu amene watola nzeru pamsewu.

"Mfumu yosalakwa, kalatayi ikuti chithandizo chidzatha pa 30 Juni. Pa 30 Juni! Nanga ife tikapanda kufikapo pa 30 Juni?"

Kenako Mfumu inamwetulira, ndipo nduna zonse makumi atatu ndi ziwiri zinamwetulira nthawi yomweyo.

Lamulo linawerengedwa pa Msika wa Pakamwa m'mawa wa pa 29, lipenga likulira. Kuyambira tsiku limenelo, mu ufumu wonse wa Tidzaona, deti lidzakhala 29 Juni mpaka Mfumu itanena china. Wong'amba tsamba la kalendala adzaona zakuda.

Esinala anaimirira pa benchi ya mnzake wa kuubwana, a Nankhoma, mayi wamkulu thupi wogulitsa tomato pa mzere wachitatu, amene pakamwa pake ankapaopa ngakhale asilikali.

"Zikomo kwambiri boma," anatero a Nankhoma mokweza. "Ndiye kuti tomato wangayu sawolanso, poti mawa kulibe."

"Ine azamba anati ndichira pa 3 Julaye," anatero mayi wina woyembekezera, atagwira m'chiuno. "Bwana wa lipenga, tabwerani mumuuze nokha mwanayu. Ine sandimvera."

Wosangalala koposa onse anali a Zuze okonza njinga, amene analumbira pamaso pa akazi awo ndi ankhoswe kuti pa 1 Julaye asiya mowa. Anavina kuzungulira msika kawiri, akufuula kuti Mfumu ikhale ndi moyo wautali.

Masiku otsatirawo mzinda unapenga mokoma. Anthu akakumana m'mawa, wina akati, "Mwadzuka bwanji?" mnzake ankayankha kuti, "Tidzuke bwanji, likadali dzulo lomwe lija." Ana asukulu, amene mayeso awo anali oti ayambe mu Julaye, ankaimba nyimbo zotamanda a Vomerezani. Nyuzipepala ya boma inkatuluka ndi deti lomwelo ndi nkhani zomwezo, ndipo panapita sabata yathunthu wina asanazindikire kuti pali chachilendo.

Esinala yekha ndiye sankaseka. M'mawa uliwonse ankayenera kubweza deti la m'kompyuta kuti likhale 29, ndipo Mdala ankadabwa kuona tsiku limodzi likubwera ndi anthu atsopano. Anayamba kupereka nambala imodzi kwa anthu awiri. Esinala ataimba foni kutsidya kwa nyanja, kunayankha mawu ojambulidwa, okoma ngati uchi, onena kuti chithandizo cha Kaundula Wachinayi chinatha, zikomo poimba. Atawauza a Nduna, iwo anati foniyo ikunama, chifukwa pa 30 sipanafike.

Pa 29 Juni wachikhumi ndi chimodzi, Mdala anatsokomola, sikirini inachita mdima, ndipo atatsitsimuka anali atameza mayina onse a mzere wachitatu wa Msika wa Pakamwa, amayi mazana awiri. Dzina limodzi lokha ndi limene linatsala, la a Nankhoma, koma linkaonetsa kuti iwo ndi bakha.

Masana omwewo asilikali anafika pamsika. Mkulu wawo anawerenga chikalata: aliyense wosapezeka m'kaundula achoke pa benchi pofika mawa.

A Nankhoma anapukuta manja pachitenje. "Mwati liti, achimwene?"

"Mawa."

"Mawa lake liti?"

Mkulu wa asilikali anayamba kuwerenga masiku pa zala. Anayang'ana chikalata, nayang'ana kumwamba. Msika wonse unagwa nacho chiseko, ndipo asilikaliwo anabwerera kukafunsa. Koma Esinala, amene anali pomwepo, anadziwa kuti sizitenga nthawi kuti wina wanzeru kulikulu afufute mawu oti mawa n'kulembapo lero. Pa mzere wachitatupo panali amayi amasiye, panali olera adzukulu, panali ena amene benchi ndiyo inali munda wawo wokhawo.

"Nankhoma," anatero Esinala motsitsa mawu, "bokosi lija ndikukalitenga."

"Ukudziwa chilango chake? Akakutumiza kukalondera chipata cha kumalire, kumene sikudutsa ngakhale mbuzi."

"Ndikudziwa. Koma ndikadikira riboni, inu nonse mukhala abakha."

A Nankhoma anamanga chitenje cholimba. "Tiye. Katundu wolemera ndi ntchito yanga."

Anakafika ku ofesi ya a Nduna nthawi ya nkhomaliro, eni ake ali ku komiti, kumene tsopano kunabuka gulu lachitatu lofuna riboni yachikasu. A Nankhoma anasenza bokosi pamutu, nalifunditsa nsalu, naikapo tomato asanu pamwamba. Mlonda wa pachipata anawaimitsa, koma anangofuna kudziwa ngati tomatoyo ndi wa lero.

"Zonse ndi za lero masiku ano, bambo," anayankha a Nankhoma, nam'patsa mmodzi.

Kompyuta yatsopano anaiika m'kachipinda kosungiramo matsache kuseri kwa Ofesi ya Ziphaso. Esinala anayamba ndi kukopera zonse zimene Mdala ankakumbukirabe, akumunyengerera ngati wodwala amene akukana phala. Zimene zinatayika anazifunafuna kwa eni ake. A Nankhoma anauza mzere wachitatu, mzere wachitatu unauza msika, ndipo msika unauza ufumu wonse, kupatula nyumba yachifumu yokha.

Anthu anabwera ndi ziphaso zawo zapepala. Zina zinatuluka m'Baibulo, zina m'zitini za shuga, zina kudenga, zina m'malo amene Esinala anapempha kuti asauzidwe. Zina zinali zitadyedwa ndi mbewa theka, ndipo mwini wake ankabwera ndi mboni ziwiri zodzalumbira za theka linalo. Ntchitoyo inavumbula zambiri. Panapezeka kuti akufa makumi asanu ndi awiri anali ndi ziphaso zoimbira ng'oma. Panapezeka mphunzitsi wina wofatsa, mkulu wa mpingo, amene Mdala anam'kwatitsa kakhumi ndi kanayi iye osadziwa. Akazi ake enieni anabwera okha kudzaonerera maukwati enawo akufufutidwa limodzilimodzi, akuwomba m'manja pa lililonse.

Esinala sankakhulupirira chinthu asanachiyese. Mzere uliwonse ukalowa, ankatulutsa chiphaso m'makina atsopano, natulutsanso china kwa Mdala, n'kuziyerekeza. Zikasiyana, ankaitana mwini wake. Amayi a mumsika ankasinthana kumubweretsera mbatata yootcha ndi kumukupiza, ndipo odikira panja anapeka nyimbo yoti aziimba mokweza nthawi zonse galimoto ya boma ikamadutsa, kuti anthu aziyesa kuti ndi kwaya. Tsiku limene dzina la a Nankhoma linatuluka lili la munthu, mayiwo anayenda m'kachipindamo akudzigwedeza ngati bakha komaliza, ndipo Esinala anaseka mpaka misozi, koyamba chiyambire Januwale.

Kunyumba yachifumu nako zinthu zinali zitayamba kununkha. Pa 6 Ogasiti pankayenera kuchitika chikondwerero chokumbukira tsiku limene Mfumu inakhala pampando. M'mawa uliwonse Mfumu inkafunsa kuti kwatsala masiku angati, ndipo m'mawa uliwonse inkauzidwa kuti 38. Ovina anakonzekera mpaka miyendo kutupa. Ng'ombe za phwando zinanenepa mpaka kulephera kudzuka. Tsiku lina Mfumu inasuzumira pawindo n'kuona mitengo ya mango itachita maluwa.

"Vomerezani! Mango amachita maluwa mu Juni?"

"Ndi mango osamvera, Mfumu. Tiwadula."

"Chikondwerero changa chili kuti?"

"Chili kuseri kwa pa 30 Juni, Mfumu. Koma tikadutsa pamenepo, Mdala..."

"Ndikufuna Ogasiti wanga, ndikufunanso ziphaso za anthu anga. Zonse ziwiri! Ukalephera, chipewa chako chipeza mutu wina."

A Vomerezani anathamangira ku ofesi kwawo kukatenga bokosi, ndipo ndi pamene anazindikira kuti kwa masabata atatu akhala akusanjika mapazi pa mpando wamba. Anafika ku Ofesi ya Ziphaso ali wefuwefu, tayi ili paphewa.

"Mayi Chimtengo, tathedwa! Bokosi labedwa!"

Esinala anaona kuti nthawi yakwana. Anawatengera ku kachipinda ka matsache, nawaonetsa sikirini yowala, mayina a ufumu wonse ali m'mizere yoongoka. "Ndinalitsegula ndine, bwana. Popanda riboni. Ngati n'kumalire, ndilongedza."

A Nduna anakhala pa chidebe chogadabuza. Anapuma katatu. Pa kupuma kwachitatu nkhope yawo inali itabwerera m'malo mwake.

"Mwachita monga ndinakutumirani," anatero. "Ntchitoyi yatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku makumi awiri ndi asanu, bwana."

"Ayi, mayi. Yang'anani kalendala. Mwayamba pa 29, mwamaliza pa 29. Unduna wanga wagwira ntchito ya miyezi isanu m'tsiku limodzi!"

Masiku onse otsekeredwa aja anamasulidwa masana amodzi pa Msika wa Pakamwa. Wa lipenga ankafuula, "Pa 30 Juni!" anthu n'kuwomba m'manja. "Pa 1 Julaye!" Apa a Zuze okonza njinga anakhala pansi n'kulira, akazi awo ataima pambali ndi ankhoswe. Anthu anapatsana moni wa m'mawa maulendo makumi atatu ndi mphambu, ena anakula chaka ali chiimire, ndipo khanda la mayi uja, limene linali kale lonenepa ndi lodziwa kumwetulira, linalandira chilolezo chobadwa.

Pa 6 Ogasiti mzinda wonse unasonkhana pabwalo la nyumba yachifumu. Bokosi lija, lopanda kanthu, linamatidwanso n'kumangidwa mariboni onse atatu, ndipo Mfumu inawadula anthu akululutira. Mdala anazimitsidwa ng'oma zikulira. Esinala anasisita pamwamba pa kompyuta yakaleyo, nanong'oneza kuti, "Pumulani, bambo, mwagwira ntchito."

Kenako a Vomerezani analengeza kuti patsala chiphaso chimodzi chokha choti chilowe m'makina atsopano, chimene anachisunga dala kuti chilowe anthu akuona: chiphaso nambala wani, cha ufumu wa Mfumu Sindilakwa Wachiwiri. Esinala anakhala patebulo pakati pa bwalo, nalemba dzina, nalemba ntchito, nalemba tsiku loyamba. Atadina batani, kabokosi kena kanafiira.

"Chavuta n'chiyani?" inafunsa Mfumu.

Esinala anawerenga pa sikirini. "Makinawa akufuna tsiku lothera chiphaso, Mfumu. Mdala ankalola kusiya posalemba. Awa akukana."

"Lembani kuti mpaka muyaya!" anafuula a Vomerezani.

"Akufuna manambala, bwana."

"Ndiye lembani chaka cha 9999!"

Esinala analemba. Kabokosi kanafiiranso. "Akuti chiphaso cha mtundu umenewu sichipitirira zaka zisanu. Zikatha, munthu amabwera kudzapemphanso, ndipo anthu amafunsidwa ngati akuvomera."

Ng'oma zinaleka. Nduna makumi atatu ndi ziwiri zinayamba kuyang'ana mitambo mwachidwi chachikulu, ngakhale kumwamba kunali koyera.

"Nanga ndikakana?" inatero Mfumu, mawu ali pansipansi.

Esinala anaganiza za chipata cha kumalire, naganiza za amuna ake ndi ana, komabe anayankha. "Ndiye kuti simupezeka m'kaundula, Mfumu. Ndipo wosapezeka m'kaundula, lamulo lanu lomwe limati asilikali am'chotse pamalo."

Mkulu wa asilikali anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zimene zinali zomanga kale.

Kumbuyo kwa khamu kunamveka mawu a a Nankhoma, oyera ngati belu. "Mfumu, zisanu n'zambiritu! Ife amatipatsa chaka chimodzi, ndipo sitinafe nazo. Mzere wake si woopsa. Mukadzabwera tidzakusungirani malo pamthunzi."

Wina anaseka, nadzigwira pakamwa. Mfumu inayang'ana khamulo nthawi yaitali, nkhope zikwizikwi zikudikira. Inakanda tsitsi lake lakuda lija, niyang'ana chala, nipukuta pa mkanjo.

"Lembani zisanu," inatero potsiriza. "Ndipo mudziwe kuti ndi mmene ndinkafunira kuyambira kale."

Nthungululu inang'amba mlengalenga. Ovina anaiwala kutupa kwa miyendo. Nduna zinawomba m'manja kuposa aliyense, a Vomerezani akufuula kuti nzeru zotere sizinaonekepo pansi pano. Mfumu inadikira kuti phokoso litsike, kenako inatembenukira kwa Esinala.

"Nanga nduna zangazi, makina akuti zaka zingati?"

Esinala anadina, nawerenga, nakonza pakhosi. "Iwowa ali gulu limodzi ndi a mumsika, Mfumu. Chaka chimodzi."

"Alowetseni lero lomwe," inatero Mfumu, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo inaoneka kuti ikusangalala ndi chikondwerero chake.

A Vomerezani anakonza tayi, nalunjika kutsogolo kwa tebulo monga munthu wozolowera. Koma anthu ofuna ziphaso zatsopano anali atandanda kale, ndipo dzanja lalikulu lonunkhira tomato linawagwira pachigongono.

"Kumbuyo uko, a Nduna," anatero a Nankhoma. "Mukaime pambuyo pa bambo oweta abakha awo."

Esinala anawongola msana, naika zala pa mabatani.

"Wotsatira!"